Atawamasula Goli Anapita Kuti?

Tsiku lina ndinalikuphunzitsa ana a sukulu mbiri ya dziko lathu lino la Makanjira. Ndinawasimbira za zombo zimene zinkaolotsa akapolo pa nyanja, ndi za nkhondo imene inathetsa malonda amenewo. Nditatsiriza ndi mau akuti akapolo anamasulidwa, mtsikana wina anaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, atawamasula anapita kuti? Nanga usiku umenewo anagona kwa yani?" Ndinakhala cete kanthawi, pakuti mabuku ambiri amalekeza nkhaniyi pa tsiku lomasula, monga ngati bvuto lonse linathera pomwepo. Zimene ndalemba muno ndizo yankho langa kwa mwana uja, ndi kwa inu akuru amene mwaphunzira kuwerenga.

Cimene kapolo anataya

M'zaka za pakati pa 1860 ndi 1890 mafumu a Ciyao monga Mataka, Makanjira ndi Mponda anali ndi mphamvu yaikuru m'maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa nyanja. Maulendo ao ankapita kumbwani, ku Kilwa ndi ku Lindi, atasenza minyanga ya njobvu, akukusa anthu. Pobwera ankatenga nsaru, mikanda, mfuti ndi onga. Tisanamizane kuti mlanduwu unali wa pfuko limodzi. Ogwira anthu analipo a mitundu yambiri, ndipo ena anagulitsidwa ndi abale ao enieni m'nthawi ya njala kapena polipira mlandu.

Tsono tiganize cimene munthu wotere anataya. Kwathu kuno munthu akhala munthu cifukwa ca anthu ace. Ali ndi mwini mbumba womyang'anira. Ali ndi ankhoswe omnenera pa ukwati. Ali ndi munda umene mfumu inapatsa makolo ace, ali ndi womuimira pa bwalo, ndipo akafa pali manda omlandira. Kapolo analandidwa zonsezi tsiku limodzi. Goli la m'khosi lingathe kudulidwa m'kamphindi, koma mbumba, ankhoswe ndi munda sizibwera ndi mpeni. Cifukwa cace amene anamasula akapolo anapeza kuti ayenera kuwasunga pamalo pena, kuwadyetsa, kuwaciritsa ndi kuwaphunzitsa, kufikira atapezanso pokhala pakati pa anthu. Tiyeni tione malo otere mmodzi mmodzi, ndi cimene cinaturukamo.

Mudzi wa ku Magomero

M'mwezi wa July 1861 David Livingstone analikukwera ku mapiri a Shire pamodzi ndi Bishopu Charles Mackenzie ndi anzace a Misyoni ya U.M.C.A. Pa mudzi wa Mbame anakomana ndi ulendo wa akapolo. Owakusa aja anathawa, nasiya anthu 84. Zingwe za akazi ndi ana zinadulidwa ndi mipeni, koma magoli a amuna anacita kuceka ndi sowo. Anthuwo anauzidwa kuti aphike ufa umene anasenza, ndipo magoli omwewo ndiwo anasanduka nkhuni.

Atawafunsa kumene afuna kupita, ambiri anasankha kutsata Bishopu, pakuti midzi yao inali itapasuka. Motero anamanga mudzi ku Magomero, pa mtsinje wa Namadzi. Umenewu ndiwo mudzi woyamba m'dziko lino womangidwira anthu oomboledwa. Munali nyumba zogona, ana ankaphunzira, akuru ankalima, ndipo odwala zironda ankatsukidwa.

Koma mudziwo sunakhalitse. Azungu aja analowa m'nkhondo ya pakati pa Amang'anja ndi Ayao, ndipo anthu owasunga anacuruka koposa cakudya. Nthenda ya kamwazi inapha ana ambiri. Bishopu mwini anafa ndi malungo pa 31 January 1862. Otsala anatsikira kwa Chibisa, ku cigwa ca Shire, kumene njala yoopsa ya 1862 ndi 1863 inawapeza. Bishopu watsopano, William Tozer, anacotsa Misyoni, ndipo m'caka ca 1864 anakaikhazika ku cisumbu ca Zanzibar, m'nyanja ya mcere. Oomboledwa ena anatsala ku Shire. Ena, makamaka akazi ndi ana amasiye, Horace Waller anakana kuwasiya, napita nao ku Cape Town. Mmodzi wa iwo anali kamtsikana dzina lace Daoma, kamene Bishopu Mackenzie anakasenza pa phewa tsiku lina katalephera kuyenda. Iyeyu anakula nakhala mphunzitsi pa nyumba ya ana amasiye ku Cape Town. Anapeza moyo ndi nchito, koma anazipeza kutali ndi kwao.

Wakatani ndi Chuma

Pakati pa oomboledwa a 1861 panali anyamata awiri a Ciyao, Chuma ndi Wakatani. Livingstone anaoloka nao nyanja ya mcere m'caka ca 1864, nawasiya pa sukulu ya Dr. John Wilson ku Bombay, m'dziko la India. M'caka ca 1866 anawatenganso pa ulendo wace wotsiriza. Anadzera ku mtsinje wa Rovuma, napuma kwa Mataka, nafika pa nyanja yathu. Posowa combo cowaolotsa, anatsata gombe lino la kum'mawa kulinga kum'mwera, ndipo m'mwezi wa September anafika kwa Mponda.

Pamenepo Wakatani anauza Livingstone kuti wapeza mbale wace, ndi kuti afuna kutsala. Livingstone sanamletse, pakuti sanafune kuti anthu anene kuti Azungu amasula akapolo kuti akhale ao. Mnyamatayo anatsala. Patapita zaka 9, m'caka ca 1875, a Misyoni ya Livingstonia anadza ndi sitima ya Ilala, ali pa ulendo wa ku Cape Maclear. Kwa Mponda anampeza Wakatani ali moyo, ali munthu wa pamudzi, ndipo anawathandiza polankhula ndi mfumu.

Chuma anatsata njira yina. Anakhala ndi Livingstone kufikira imfa yace m'caka ca 1873, ndipo iye ndi Susi ndiwo anatsogolera onyamula mtembo kufikira kumbwani. Pambuyo pace anakhala kapitao womveka wa maulendo, nafera ku Zanzibar m'caka ca 1882. Anyamata awiriwa anasungidwa pamodzi, naphunzira pamodzi. Wina anabwerera pakati pa anthu cifukwa panali womlandira. Wina anadziimika yekha cifukwa anali ndi nchito imene anthu anaifuna. Njira ziwirizi tidzazionanso m'tsogolomu.

Kiungani ndi Mbweni

Tsono titsate Misyoni ija ku Zanzibar. Kumeneko kunali msika waukuru wa akapolo, ndipo ambiri ogulitsidwa pamenepo anali ocokera kuno ku nyanja. M'caka ca 1864 Sultan Majid anapatsa Bishopu Tozer anyamata 5 olanditsidwa m'combo, ndipo iwowa ndiwo anayamba sukulu imene pambuyo pace inamangidwa pa Kiungani. M'caka ca 1873 Sultan Barghash anabvomera pangano lotseka msika uja. Sitima za nkhondo za ku Britain zinkagwira zombo pa nyanja, ndipo anthu opezeka m'menemo ankaperekedwa ku Misyoni.

Anyamata ankapita ku Kiungani. Kumeneko ankagona, nadya, naphunzira kuwerenga, kulemba ndi kusindikiza mabuku, ndipo ocenjera ankaphunzira uphunzitsi. Akuru ankapita ku Mbweni, kumene Bishopu Edward Steere anakhazika mudzi. Banja liri lonse linkalandira nyumba ndi kamunda. Ena anaphunzira kupala matabwa, ena kumanga ndi miyala, ndipo pogwira nchito ankalandira malipiro. Panalinso sukulu ya atsikana. Anyamata ndi atsikanawo atakula ankakwatirana, a Misyoni nakhala m'malo mwa ankhoswe.

Cinthu cimodzi cinasowa. Anthuwa anali a zinenero zambiri, ndipo anayamba kulankhulana m'Ciswahili. Ana ena anaiwala cinenero ca amai ao ndi dzina la mudzi wao. Anali okhuta ndi obvala, koma anali alendo m'dziko la eni.

Ulendo wobwerera umene unathera pa Masasi

Bishopu Steere anaganiza zowabwezera kwao. M'caka ca 1875 anayenda yekha ndi miyendo kufikira kwa Mataka kukaona njira, ndipo Chuma ndiye anamtsogolera. M'caka ca 1876 ananyamuka ndi anthu 55 a ku Mbweni, amuna ndi akazi, kulinga kuno ku nyanja. Atayenda masiku ambiri kucokera ku Lindi anafika pa Masasi, kumpoto kwa Rovuma, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Pamenepo anthuwo anapempha kuti ulendo uthere pomwepo. Anaona kuti nthaka iri yabwino ndi cakudya ciripo, ndipo anadziwa kuti kumene anabadwira nkhondo ikali mkati, ndi kuti mwina akapeza mabwinja okha. Bishopu anabvomera. Anapempha malo kwa mafumu, namanga mudzi.

Poyamba zinthu zinayenda bwino. Nyumba zinamangidwa m'mizere, minda inabala, ndi mitengo ya zipatso inabzalidwa. Koma mudziwo unalibe mfumu yobadwa nao, ndipo milandu yonse inkagwera wansembe Mzungu, amene anasanduka woweruza ndi wolanga. Eni dziko ozungulira ankaona anthu aja ngati anthu a Mzungu, osati anansi ao. M'mwezi wa September 1882 Angoni ochedwa Magwangwara anathira mudziwo nkhondo. Anapha ena, nagwira ambiri. A Misyoni anaombolako ena ndi nsaru ndi mkuwa, ndipo m'caka cotsatira ambiri a otsala anabwezedwa ku Mbweni. Onani cisoni cace: anthu amene anamasulidwa kamodzi anamangidwanso kaciwiri.

Bvuto la mtundu womwewo linaoneka ku Blantyre. Misyoni ya kumeneko, imene inayamba m'caka ca 1876, inkalandira akapolo othawa kwa ambuye ao. Posakhalitsa osunga aja anayamba kuweruza milandu ndi kukwapula olakwa. Mbiriyo itamveka ku Scotland, akuru a mpingo anatuma anthu kudzafufuza, ndipo m'caka ca 1881 mtsogoleri wa Misyoniyo ndi anzace ena anacotsedwa. Apa tiphunzira kuti wosunga anthu opanda pothawira agwira mphamvu yaikuru pa iwo, ndipo mphamvu yotere ikasowa woiyang'anira siicedwa kufanana ndi goli limene inacotsa.

Obwera ndi nchito m'manja

Zitacitika za ku Masasi, a U.M.C.A. analeka kumanga midzi ya oomboledwa okha. Anayamba kutuma aphunzitsi a ku Kiungani, mmodzi kapena awiri, kukakhala m'midzi ya eni dziko, pansi pa mafumu a midziyo. M'caka ca 1885 anakhazikika pa Likoma, ndipo sitima yao ya Charles Janson inkayendera midzi ya m'gombe la kum'mawa.

Mmodzi wa aphunzitsiwo anali Augustine Ambali. Iyeyu anagwidwa ali mwana m'dziko la kumbwani, naomboledwa pa nyanja ya mcere, naphunzira ku Kiungani. Anadza kuno ngati mlendo wosadziwa Cinyanja, nakhala zaka zambiri pa Msumba, ndipo potsiriza anadzozedwa unsembe. Wina anali Cecil Majaliwa, Myao, amene anagulitsidwa ali mwana. M'caka ca 1890 anakhala wansembe woyamba wa Ciafrika m'Misyoni imeneyo, ndipo nchito yace anaigwira pa Chitangali, pafupi ndi Masasi. Winanso anali Petro Kilekwa, Mbisa wa ku nyanja ya Bangweulu. Anagwidwa ali kamnyamata, ndipo amai ace analephera kupeza nsaru zomuombolera. Anamkusa kufikira kumbwani, namkweza m'combo ca ku Arabia, koma sitima ya nkhondo inawalanditsa. Anagwirako nchito m'sitima, naphunzira ku Kiungani, nakwatira mkazi woomboledwa mnzace, ndipo awiriwo anadza kudzaphunzitsa kuno ku nyanja. Iyenso anakhala wansembe. Mbiri ya moyo wace anailemba m'Cinyanja, ndipo inasindikizidwa m'Cingelezi m'caka ca 1937.

Anthu awa sanapeze amai ao kapena mbumba yao. Cimene anapeza ndico malo pa bwalo la anthu ena. Makolo ankawatumizira ana, odwala ankawaitana, ndipo pa maliro ankakhala pamodzi ndi eni mudzi. Akale anati mlendo ndi mame, koma mlendo amene ali ndi nchito yofunika pamudzi sakamuka ndi dzuwa.

Nkhondo ya kuno kwathu

Tsono tibwere kwathu. M'caka ca 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Boma la Britain, ndipo Harry Johnston anatumidwa kudzalamulira. Anadza ndi asilikari a ku India otsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire. M'mwezi wa October anamanga linga la Fort Johnston pa Shire, popenyana ndi mudzi wa Mponda, ndipo dzina limenelo ndilo linali la boma la Mangochi kufikira dziko litalandira ufulu. Pambuyo pace anathira nkhondo mudzi wa Makanjira wa masiku amenewo. Koma m'mwezi wa December Maguire anaphedwa pamene anadza pa sitima ya Domira kudzatentha zombo ziwiri za mfumuyo. Kumapeto kwa 1893 nkhondo inabweranso ndi sitima za mizinga. Mudzi unagwa, ndipo pafupi pace anamanga linga nalicha Fort Maguire. Makanjira analimbikabe kufikira 1895, pamene anagonja naolokera ku dziko la Apwitikizi.

Pa nkhondo zimenezi akapolo ambiri anamasulidwa. Amene anagwidwa catsopano, nakumbukira kwao, anabwerera. Ena anakhala pafupi ndi malinga a Boma, nalima ndi kugwira nchito pamenepo. Ana osowa makolo anaperekedwa ku Misyoni.

Koma panali gulu lina lalikuru limene silinapite kwina kuli konse. Si akapolo onse ankapita kumbwani. Ambiri, makamaka akazi, ankasungidwa m'midzi ya ambuye ao nakwatiwa komweko. Cifukwa cace nci: pa mwambo wa Ayao, monganso wa Acewa ndi Amang'anja, ana atsata kwa amai ao, ndipo mwini wao ndiye mlongo wa amaiwo. Koma mkazi wogulidwa analibe mlongo pafupi, motero ana ace ankatsala m'manja mwa atate ao, nakuza mudzi. Pamene ukapolo unatha, mkazi wotere anali ndi ana, kapena adzukulu, obadwira pamudzipo. Akadapita kuti? Anatsala, ndipo pang'ono pang'ono midzi inawameza. Poyamba panali kunong'ona ndi kutonzana pa mowa ndi pa mlandu, ndipo ana ao sankaloledwa kulowa ufumu. Koma maukwati anasanganiza magazi, mpaka lero munthu waulemu safunsa mnzace kuti agogo ako anadza bwanji pano. Oomboledwa ambiri a dziko lino sanabwezedwe pakati pa anthu ndi Boma kapena ndi Misyoni. Anabwezedwa ndi midzi imene inaleka kuwawerenga ngati akapolo.

Cimene mbiriyi itiphunzitsa

Tisapeputse malo aja osungira anthu. Popanda Magomero, Kiungani ndi Mbweni, ambiri akadafa ndi njala, kapena akadagwidwanso asanayende mtunda wa tsiku limodzi. Munthu wolanditsidwa kumene afuna denga, nsima, mankhwala ndi nthawi yoti mtima ukhale pansi. Koma taona kuti malo otere anapindula pamene anakhala ngati msasa wa paulendo, nalephera pamene anayesa kukhala mudzi wopatuka pa midzi yina. Wakatani anakhazikika cifukwa panali womlandira. Ambali ndi Kilekwa anakhazikika cifukwa anaturuka ndi nchito m'manja. A ku Masasi anali ndi nyumba ndi minda, koma analibe anansi, ndipo nkhondo itadza anagwa okha.

Goli la mtengo linatha, koma anthu obwera opanda kanthu sanathe. Alipo oturuka m'ndende atatha zaka zao. Alipo ocira ku cipatala ca odwala misala ku Zomba, ndi ana okulira m'nyumba za ana amasiye. M'caka ca 2015 mabasi a Boma anabweza abale athu othawa cipolowe ku South Africa, ndipo ambiri a iwo anali a boma lino la Mangochi. Onsewa Boma, mipingo ndi mizikiti ingathe kuwasunga kanthawi, ndipo iyenera kutero bwino, mowayang'anira osungawo. Koma tsiku lifika loti cipata citseguke, munthu naima pa mseu ndi kaphukusi kace. Kuyambira pamenepo nchito iri yathu. Mfumu imuonetse pomanga ndi polima. Mwini ngalawa amtenge ku khoka pamodzi ndi anzace. Wina abvomere kukhala nkhoswe yace. Ndipo pa bwalo tileke kumchula ndi dzina la kumene wacokera.

Akuru anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Mau amenewa ngoona, koma kwao kwa munthu kukhalapo pokha pamene eni mudzi amyalira mphasa. Mtsikana uja anafunsa kuti omasulidwa anagona kwa yani. Ndinamuyankha m'mawa mwace kuti usiku woyamba anagona kwa owasunga, koma amene anakhala ndi moyo wa munthu ndiwo amene pambuyo pace mudzi wina unawalandira nuwayesa ace.